Wagunda n'kuthawa pamadzi, ku Mozambique, ku Malawi ndi kwathu kuno amamugwira bwanji

Nkhaniyi inayambira pageti pathu penipeni. Mwezi watha usiku thiraki ina pobwerera m'mbuyo inagunda khoma la mpanda kunyumba kwathu ku Kapata, njerwa mbwee pansi, ife kutuluka ndi tochi tinangoona fumbi ndi malaiti ofiira akukhota pakona basi. M'mawa zomwe tinapeza ndi penti ya buluu yomwe inakanirira papilala ndi kachidutswa ka galasi la indiketa, nambala puleti palibe anaiona olo mmodzi, aneba onse ati tinali mtulo. Alamu anga amene amayendetsa thiraki kupita ku Beira kudzera pa Chanida ndi Tete anabwera kudzaona, anayang'ana pentiyo n'kuseka, ati alamu ikanakhala sitima yapamadzi bwenzi mwaigwira kale, kumene kuja sitima imayenda ikudzitchula yokha dzina. Ine ndinaona ngati akundinyoza chifukwa kuno ku Chipata madzi aakulu amene timawadziwa ndi a ku Luangwa ndi madamu, koma atandifotokozera ndinayamba kuiganizira nkhaniyi mpaka lero.

Panyanja yamchere palibe mizere yoyera ngati pa Great East Road, msewu wa sitima amauonetsa ndi mabuoy. Buoy ndi chigubu chachikulu choyandama, china chachitsulo china chapulasitiki, chomangidwa ndi tcheni ku chimwala cha simenti pansi pamadzi, pamwamba pali nyale yophethira usiku ndi kasola kotchajira batire. Kuno ku Africa ukamalowa padoko ofiira amakhala kumanzere obiriwira kumanja, ku America n'zotembenuza. Manje sitima yonyamula makontena ikachigunda chigubucho usiku, amene ali pamwamba mwina samva n'komwe, zili ngati thiraki yaponda chitini. Koma nyale yafa, kapena tcheni yaduka buoy yapita ndi mafunde, kapena choopsa kwambiri yakokedwa n'kukaima pamalo olakwika ndipo ikuitanira sitima yotsatira pamchenga. Kukonza kwake n'kodula, pamafunika boti ya kireni ndi anthu odziwa, ndiye adoko amafuna adziwe wagunda ndani kuti inshuwalansi yake ilipire.

Chida chachikulu pankhaniyi ndi AIS. Ndi kawailesi kolumikizidwa ku GPS kamene sitima ikamayenda kamaulutsa pakangopita masekondi 2 mpaka 10 kuti ndine uje, ndili apa, ndikuthamanga chonchi, ndaloza uku, ikaima panangula kamalankhula pa maminitsi 3 alionse. Bungwe la IMO, loona za sitima zapamadzi pa dziko lonse, pansi pa pangano la chitetezo cha panyanja lotchedwa SOLAS linalamula kuti pofika kumapeto kwa 2004 sitima zonse za matani 300 kupita m'mwamba zoyenda maulendo a pakati pa maiko zikhale nako, ndi zonyamula anthu zomwe. Sitima iliyonse ili ndi nambala ya manambala 9 yotchedwa MMSI, atatu oyambirira amanena dziko, Mozambique ndi 650, Malawi 655, ndipo musaseke, Zambia nayo ili ndi yake 678 olo tilibe nyanja yamchere. Pabuoy napo amaikapo kachida komva kugwedezeka, kofanana ndi kamene kali mufoni kaja kamatembenuza chithunzi ukaipendeketsa, kosiyanitsa kukankha kwa funde ndi kumenya kwa chitsulo. Kakamva kumenya kamalemba nthawi yake n'kutumiza uthenga kumtunda, ena amaonjezerapo kamera. Kenako ntchito yatsala n'kungofananitsa, nthawi yakuti pamalo akuti panadutsa ndani, kompyuta n'kutulutsa dzina. Akaipeza sitimayo padoko amakayang'ana m'mbali mwake ngati muli zokalika ndi penti ya buoy, ndiye penti yanga ya papilala ija si ya ziii, ndi umboni umene olo akatswiri amaugwiritsa ntchito. Sitima zikuluzikulu zilinso ndi VDR, bokosi losunga mawu a m'chipinda choyendetsera ndi zonse za makina ngati la mundege. Sitima ija ya Dali imene inagwetsa mlatho ku Baltimore ku America mu March 2024 anthu 6 n'kufa, panalibe zofufuza kuti ndani, njira yake yonse inaoneka pa AIS tsiku lomwelo.

Pa maiko atatufe, a Mozambique ndi amene ali m'kati mwa zimenezi, osati chifukwa ndi ochenjera kutiposa koma chifukwa madoko awo amalandira sitima za dziko lonse ndipo sitimazo zimabwera ndi AIS kale, lamulo linawafikira lokha kuchokera kunja. Beira makamaka ndi doko lovuta, lili pamathiriro a mtsinje wa Pungwe, madzi ndi osaya mchenga umasuntha, njira yolowera amachita kukumba kawirikawiri ndipo sitima zazikulu zimadikira madzi akwere, n'kukwezanso pilot wa padoko pomwepo woidziwa njirayo kuti ailowetse. Pamalo otere buoy imodzi ikasuntha ndi nkhani yaikulu. Alamu amati ukaima kugombe cha ku Macuti usiku umaona tinyale tofiira ndi tobiriwira titandandalika kulowa m'nyanja, ndipo iwo akamadikira katundu amatsegula MarineTraffic, pulogalamu yoonetsa sitima za AIS pamapu, pafoni n'kuona sitima ya feteleza wawo ili panja ikudikira, dzina lake ndi mbendera yake zonse poyera, moti bwana akaimba kuti bwanji simunanyamuke amangomutumizira sikirinishoti. Nacala ndi ina, kumeneko madzi ndi akuya mwachilengedwe, sitima imalowa mosavutikira. Koma musaganize kuti kumeneko zonse zili bwino, AIS munthu atha kuizimitsa, ndipo mabwato a asodzi ndi timaboti tating'ono sitikakamizidwa kukhala nayo. Ndiponso si zonse zogundidwa ndi sitima, mphepo ngati Idai imene inamenya Beira mu March 2019 ilibe MMSI, palibe womutumizira bilu.

Ku Malawi ndi dziko lina. Ndinakwerapo Ilala kuchokera ku Nkhata Bay kupita ku Likoma, sitima imene inapangidwa ku Scotland mu 1949 n'kubwera m'zidutswa kudzalumikizidwa ku Monkey Bay, yakhala ikuyenda panyanjapo kuyambira 1951. Malo ambiri imene imaima palibe jete, imaponya nangula patali anthu n'kumatsikira m'maboti ang'onoang'ono ndi matumba a ufa ndi njinga ndi nkhuku, ena madzi m'chiuno. Ndiye zoti zigundidwe n'zochepa kale, ndipo sitima zazikulu panyanja yonseyo ukhoza kuziwerenga ndi zala. Jete ya ku Chipoka kapena ku Chilumba itapezeka yophwanyika m'mawa sipafunika satelaiti, mwana aliyense wa pagombe akuuza imene inagona pamenepo dzulo. SOLAS ija ndi ya panyanja yamchere, nyanja zam'kati dziko lililonse limadziikira malamulo ake, ndipo a Malawi ali ndi Marine Department yolembetsa ndi kuyeza zombo komanso sukulu yophunzitsa oyendetsa ku Monkey Bay. Apa ndiwapatse ulemu aneba, nyanja amaiopa ndipo anaiphunzira ndi misozi, sitima ya Vipya inamira mu 1946 ndi anthu 145 chifukwa cha mphepo ndi mafunde, ndipo aliyense wa kunyanja amadziwa kuti mwera ukayamba sucheza nawo.

Koma chimene ndinaona usiku uja pa Ilala ndi chimene chinandisintha maganizo. Kunja kuli bii, kutsogolo nyale mbwee ngati tauni, kufunsa akuti ndi asodzi a usipa. Amene ali ndi nyale aja ndiye bola amaoneka, koma maukonde otcheredwa amangowaika chizindikiro cha kachigubu ka mafuta ophikira kapena zidutswa za patapata, boti ya injini ikadutsa usiku n'kudula ukonde, mwini wake amadzaona m'mawa chigubu chikuyandama chokha. Ukonde umenewo mwina anatenga ngongole. Ndiye kugunda n'kuthawa kwa ku Malawi si kwa sitima ya makontena ayi, ndi boti yaing'ono kuononga cha munthu wamng'ono, ndipo apa AIS ya IMO ija ilibe chonena chifukwa onse awiri alibe.

Manje kwathu. Doko lathu lenileni ndi limodzi, Mpulungu pa Tanganyika, kumene kumachokera simenti ndi shuga kupita ku Burundi ndi kumene sitima ya Liemba ya ku Kigoma, ija inapangidwa ndi ma German mu 1913, inkafikira kwa zaka zambirimbiri. Pamenepo zili ngati ku Malawi, zombo zazikulu n'zodziwika maina. Pamene pali chipwirikiti ndi pa Kariba. Marigi, maboti ophera kapenta aja, usiku amadzaza nyanja ndi magetsi awo, malire a ife ndi Zimbabwe ali pakati pamadzi pomwe palibe mpanda, mitengo imene inamira pomanga damu ikadali chiimire m'madzi, ndipo ku Siavonga kwadzaza makheji oweta nsomba oyandama. Kheji imodzi ikabooledwa ndi boti usiku nsomba zonse zapita, ndalama zambiri kuposa buoy. Lamulo lolembetsa maboti tili nalo, Inland Waters Shipping Act, ndipo rigi imafunika laisensi ya a Fisheries, koma pepala lili muofesi silikuuza kuti 2 koloko usiku pamalo akuti panadutsa ndani. Ife a Zambia maso athu onse ali pamsewu, ma toll gate ndi ma weighbridge ndi makamera a sipidi, pamadzi timakumbukira pakachitika ngozi, ngati pontuni ya pa Kazungula ija inagubuduzika ndi thiraki mu 2003, ndipo yankho lathu pamapeto pake linali mlatho umene unatsegulidwa mu 2021. Ndife anthu a pamtunda basi, madzi timafuna kuwalumpha osati kuwayendetsa.

Wina anena kuti nanga ife a Chipata zitikhudza chani. Feteleza amene tikulimbirana mu November uja sagwa kumwamba, amatsika ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam, ndipo njanji ya Chipata–Mchinji imene inatsegulidwa mu 2010 cholinga chake chinali chotilumikiza ku Nacala komweko. Sitima ikatsakamira pamchenga pakhomo la Beira chifukwa buoy inasuntha, zina zonse zimadikira panja, tsiku lililonse lodikira limalipiridwa, alamu amagona muthiraki sabata yathunthu, ndipo ndalama imeneyo imadzatipeza pathumba la D compound kuno. Chaka chomwecho cha 2010 a Bingu wa Mutharika anatsegula doko la Nsanje a Rupiah Banda ndi a Mugabe alipo, kuti katundu azibwera pa Zambezi ndi Shire, koma baji yonyamula katundu imene inkayembekezeka inagwidwa ndi a Mozambique ndipo sinafike. Zapamadzi sizitheka dziko limodzi palokha, mwini khomo akakana wakana.

Ndiye mukandifunsa kuti ndani akuchita bwino, ndinena kuti a Mozambique ali patsogolo pa zida, a Malawi ali patsogolo pa kuidziwa nyanja ndi kuphunzitsa anthu ake, ife tili kumbuyo pa zonse ziwiri. Koma sindikugwirizana ndi amene angathamangire kuti tigule masensa ndi makamera n'kumangirira pa chilichonse choyandama pa Kariba. Sensa imangokuuza kuti ndagundidwa nthawi yakuti, siikuuza wagunda, ingagwire ntchito ku Beira chifukwa mbali inayo sitima ikudzitchula dzina. Kuika sensa pomwe maboti alibe chowazindikiritsa ndi chimodzimodzi ine kuika alarm pampanda, ilira ndithu, ndituluka ndi tochi, ndidzaonanso fumbi lomwe lija. Ndiponso sola ndi batire zosiyidwa pakati panyanja usiku popanda mlonda, tonse tikudziwa zimene zinachitikira masola a malaiti a m'misewu m'matauni mwathu.

Poyambira pake ndi potchipa. Nambala yaikulu yolembedwa ndi penti yowala m'mbali zonse ziwiri za boti iliyonse ya injini, nyale usiku, ndipo marigi ndi maboti onyamula anthu aziikidwa ka tracker konga kamene kali m'mathiraki, ka muthiraki ya alamu anga kamauza bwana wawo ku Lusaka olo angoima kugula chimanga chootcha pa Katete. Ngati tikutha kutsata thiraki mpaka ku Beira, rigi ya pa Siavonga ingatikanike bwanji. Ndipo pa Kariba zikhale zogwirizana ndi a Zimbabwe, pa Tanganyika ndi a Tanzania, DRC ndi Burundi, apo ayi wogunda azingowolokera tsidya linalo n'kukhala phee.

Za mpanda wanga, ndinakanda penti ija ndi mpeni n'kuisunga mu envulopu. Loweruka ndinazungulira kumene amaimika mathiraki cha ku njira ya ku Mwami, ndinapeza a buluu anayi, awiri mwa iwo okalika kumbuyo, wina indiketa yatsopano mbee. Dalaivala wake anandiyang'ana, ine n'kumuyang'ana, anandifunsa kuti mufuna chani bosi, ine ndinangoti palibe, n'kupita kukagula matumba awiri a simenti.