Ku Tete kulinso madzi osefukira

A mtolankhani, mwalemba kuti vuto la mzinda wa Tete ku Mozambique ndi dzuwa ndi chilala basi, koma mwasiya mbali ina yofunika kwambiri. Za kutenthako sindikutsutsa ayi. Ine ndimakhala kuno ku Zomba, ndipo ndinadutsa kumeneko pa basi mwezi wa Novembala popita ku Johannesburg. Titaima pafupi ndi mlatho wa Samora Machel, madzi a m'botolo anali atafunda ngati osamba, ndipo mayi wina wachikulire analenguka mpaka tinachita kuwakupiza ndi chitenje. Mzindawu uli m'chigwa cha Zambezi, pansi kwambiri poyerekeza ndi kwathu kuno m'tsinde mwa phiri, n'chifukwa chake mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40.

Koma mvula yochepa imene amalandirayo imagwa pafupifupi yonse pakati pa Disembala ndi Malichi, pa nthaka youma gwaa, yomwe simwa madzi msanga. Komanso mtsinje wa Revubwe umatsika ndi madzi ochokera kumapiri a ku Angonia, kufupi ndi malire athu, moti ungathe kusefukira ngakhale mumzindamo musanagwe mvula yambiri. Mu Januwale 2022, namondwe wa Ana, yemwe uja anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, anagumula mlatho wa pa Revubwe panjira ya pakati pa Tete ndi Moatize, ndipo mabanja ambiri okhala m'mphepete mwa mtsinjewo anataya nyumba zawo.

Abale amene mumayenda njira ya ku Zobue nyengo ya dzinja, muzifunsa kaye za mitsinje musananyamuke.