Mwana akafuna kuyendetsa ndege: Harare, Lilongwe kapena Joni?

Mwana wa ku Mufakose kapena ku Mbare, kuno ku Harare, akati akufuna kudzakhala payiloti, makolo amathamangira kufunsa za malipiro. Koma nkhani imayambira pa maola. Kuti apeze layisensi yolembedwera ntchito, ya CPL, pamafunika maola pafupifupi 200 ali m'mwamba, ndipo ola lililonse amalipira ndi banja lake. Pitani ku Charles Prince Airport, bwalo la ndege zing'onozing'ono la kufupi ndi Harare, mukaone: kandege ka Cessna, mphunzitsi pambali, wophunzira akatera n'kulemba maola m'buku lake mosamala ngati wagolosale akulemba ngongole. Zonsezo n'zamadola a ku America, ndipo pofika pomaliza amakhala atapita masauzande ambirimbiri.

Apa Zimbabwe ili patsogolo pa Malawi: sukulu zilipo pakhomo pomwe. Vuto ndi la mawa lake. Kuti ukhale kaputeni wa ndege yaikulu pamafunika maola 1,500, ndiye otsalawo uwapeza kuti? Ena amakatolera ponyamula alendo ku Victoria Falls ndi ku Kariba, ena amaphunzitsa anzawo. Air Zimbabwe, yomwe ikanakhala kolowera, idadziwononga mbiri. Mapayiloti ake ankanyanyala ntchito mu 2010 ndi 2011 chifukwa cha ndalama zawo zomwe sankapatsidwa, ndipo kumapeto kwa 2011 ndege yake idagwidwa pa bwalo la ndege la Gatwick ku England kamba ka ngongole. Munthu woti wagulitsitsa makolo ng'ombe sangadikire malipiro a "tiona mwezi wamawa".

Kumudzi ku Malawi adachita zina. Air Malawi itafa mu 2013, boma lidagwirana manja ndi Ethiopian Airlines, yomwe idatenga magawo 49 pa 100 alionse a kampani yatsopano, yomwe pano ndi Malawi Airlines. Achikulire ena kuno amati tidagulitsa mbendera. Ine sindivomereza. Aitiyopiya ali ndi sukulu yawoyawo ku Addis Ababa komanso ndege zambiri, choncho mnyamata kapena mtsikana wolowa ku Malawi Airlines amaona njira ya patsogolo. A ku Zambia adatsata momwemo poukitsa Zambia Airways mu 2021. Chovuta n'chakuti ndege n'zochepa, malo ndi owerengeka, ndipo chilichonse cholipidwa m'makwacha chidapepuka pomwe ndalamayo idagwetsedwa ndi 44 peresenti mu 2023.

Ku Joni, ndiye kuti ku South Africa, sukulu ndi mbwee, monga 43 Air School ya ku Port Alfred, ndipo makampani ngati Airlink ndi FlySafair amalemba anthu. Komabe mu 2025 mapayiloti a FlySafair adachita sitalaka, ndipo dandaulo silidali la ndalama zokha: ankati ndandanda ya ntchito sikuwapatsa mpata wokhala ndi mabanja.

Makampani amamanga anthu ndi bondi: takulipirira maphunziro a Boeing 737, ugwire zaka zakutizakuti, ukachoka ubweze. Bondi imagwira wongoyamba kumene. Wa maola masauzande angapo amangowerengera kuti ku Emirates kapena ku Qatar Airways malipiro sadulidwa msonkho, ndipo miyezi ingapo yokha ikwanira kubweza ngongoleyo. Ndege za makampani awiriwa zimatera pano pa bwalo la ndege la Robert Gabriel Mugabe ku Harare, mapayiloti athu akuziona tsiku ndi tsiku.