Alembi anzanga, maliro a ku Mangochi ali ndi dongosolo lake

Nkhani zazifupi zambiri za imfa zimafera pamalo amodzi. Munthu akangotsirizika, ndime zitatu zotsatira ndi misozi yokhayokha: "analira mosatonthozeka". Wowerenga salira nawo, chifukwa malemuyo sanamudziwe n'komwe.

Ine ndimati lembani ntchito imene otsala akugwira, chisoni chidzatulukira momwemo. Koma ntchitoyo muidziwe. Ngati malemu ndi Msilamu wa ku Makanjira kapena ku Namwera, musatipatse bokosi, nkhata ndi kwaya yochezera usiku wonse. Thupi amalisambitsa, mwamuna ndi amuna anzake, mkazi ndi akazi anzake, n'kulikulunga m'sanda yoyera. Amanyamula pa jeneza (chonyamulira maliro cha Asilamu), shehe atsogolera swala (pemphero), ndipo kawirikawiri amaika tsiku lomwelo kapena mawa lake. Kumanda kumapita amuna, amayi amatsala pakhomo. Ndiye mukalemba mkazi wamasiye akuponya dothi m'manda, wowerenga wa kuno amangotseka foni.

Kufulumira kumeneku ndiye chuma chanu. Mwana ali ku Joni, basi ya kumeneko sifika tsiku limodzi, apeza bambo ake ataikidwa kale. Adzafikira pa sadaka, mwambo wokumbukira malemu pakatha masiku 40, anthu akudya mpunga, ena akuseka, iye ndiye akuyamba kumene kulira. Nkhani ndi imeneyo.

Anthu asapitirire atatu, nthawi ikhale tsiku limodzi, mawu 1,500 akwana. Zakale mubwerereko kamodzi kapena kawiri basi, ndipo pakhale chinthu chogwirika chomukumbutsa: ukonde umene malemu anausiya osamaliza kusoka, ngongole ya usipa yolembedwa m'kope. "Anakumbukira masiku okoma" ndi ulesi. Anakumbukira chiyani, tsiku liti, anakangana za chiyani?

Chinanso, lekani kuyeretsa malemu. Pamaliro timayamikira, n'zoona, koma nkhani si mawu a mfumu pamanda. Msiyeni akhale wouma manja, wamitala, wokondera mwana mmodzi. Mjomba wake ndi mkazi wamkulu asagwirizane za bwato.

Ndipo ngati malemuyo mwamumiza m'nyanja ndi mphepo ya mwera, onani kalendala. Mwera umavuta nyengo yozizira, cha mu Juni ndi Julayi. Musaike mango akupsa m'ndime yomweyo.