Makanema a Samora, a Kaunda, ndi mbumba imene sinafunsidwe

Loweruka lapitali ndinali kwa azakhali anga ku Chilomoni. Magetsi anali atathima, ndiye tinakhala pakhonde, iwo akusenda mbatata, ine maso ali pa foni. Ndinapeza kakanema kakale pa YouTube, ka mphindi zitatu zokha: Kamuzu akulowa mu Kamuzu Stadium, chipewa chakuda kumutu, magalasi akuda, litchowa m'manja, amayi a mbumba atadzaza bwalo lonse. Nditawaonetsa, mpeni anauika pansi.

"Taimika pamenepo, mwanawe." Anayandikitsa foni kumaso n'kumayendetsa chala pa mizere ya amayi aja mmodzimmodzi. "Ife tinkaima cha uku, kufupi ndi a ng'oma." Sanadzipeze. Koma kwa ola lathunthu anandisimbira zimene kakanemako sikananene: kudzuka tambala asanalire, kukwera malole, masiku oyeserera gule ana atawasiyira anansi, chitenje chatsopano chimene ankachinyadira. Kenaka mawu anatsika, n'kunena za banja la Mboni za Yehova limene anayandikana nalo kumudzi, lomwe linathawa usiku mu 1972 nyumba yawo ikuyaka, chifukwa chokana kugula khadi la chipani. Zonsezi zimatuluka pakamwa pamodzi, chisangalalo ndi chisoni, ndipo chibadwire palibe amene anawalozetsapo kamera n'kuwafunsa.

Chichokereni kumeneko mtima wanga uli pa makanema a mbiri, aja ambiri timangoti documentary, ofotokoza za mtsogoleri wa dziko ndi ndale za nthawi yake. Ife ndi anzathu a ku Mozambique ndi ku Zambia tinali ndi atsogoleri amphamvu nthawi imodzi, tonse pansi pa chipani chimodzi. Koma zimene zinatsala zoti mdzukulu aonere n'zosiyana kwambiri.

Ndiyambe ndi ku Mozambique, chifukwa kumeneko nkhani ya kanema anaitenga ngati nkhani ya boma. Atangolandira ufulu mu 1975, boma la Samora Machel linakhazikitsa Instituto Nacional de Cinema ku Maputo. Anthu ambiri sankadziwa kuwerenga, zilankhulo zinali zambirimbiri, ndiye a chipani cholamula cha Frelimo anaona kuti chithunzi chikhoza kufika kumene nyuzipepala singafike. Anayamba kutulutsa makanema aafupi a nkhani otchedwa Kuxa Kanema, kutanthauza kubadwa kwa kanema. Ankawaonetsa m'nyumba za kanema m'tauni, komanso magalimoto ankawanyamula kupita nawo kumidzi, kukakoleka nsalu pabwalo dzuwa likalowa. Samora m'makanema amenewa ali paliponse: akuseka, akuimba, akukalipira akuluakulu a boma pamaso pa anthu, akulowa m'nyumba zosungiramo katundu kukafunsa chifukwa chake zinthu zikuwonongeka.

Sindikunena kuti makanema aja ankanena zoona zonse. Anali a chipani. Misasa ya ku Niassa, kumene ankatumiza anthu amene boma linkati akufunika kuphunzitsidwanso, simukanaiona momwe inalili. Ngakhale a Mboni ena amene anathawa kuno kwathu anakagwera m'misasa cha ku Milange. Koma pali zinthu ziwiri zimene ntchito ija inasiya. Choyamba ndi anthu: achinyamata a ku Mozambique anaphunzira kugwira kamera, kujambula mawu ndi kulumikiza zithunzi, ndipo ena mwa iwo ndi amene pambuyo pake anadzapanga makanema ofunsa mafunso ovuta pa nthawi yomwe ija. Chachiwiri ndi zithunzi zenizenizo. Moto unawononga nyumba ya bungweli mu 1991, koma zambiri zinapulumuka, moti mu 2003 Margarida Cardoso anapanga kanema wofotokoza mbiri ya Kuxa Kanema, momwe ojambula akale aja akuonera ntchito yawo n'kumanena okha pamene analota bwino ndi pamene anatseka maso. Kanema wa chipani anasanduka umboni woti anthu atsutsane nawo. Kumeneko ndiye kumene ndimawasirira.

Ku Zambia njira inali ina. Wailesi ya kanema inayamba ku Kitwe mu 1961, ufulu usanabwere, ndiye Kenneth Kaunda zaka zake zonse 27 analamulira akuoneka. Anthu a ku Lusaka ndi ku migodi ankamuona akugwedeza kampango koyera, akulira pagulu, akuyambitsa nyimbo yake ija ya m'Chinyanja imene ifenso timaidziwa. Anamuonanso zinthu zitathina: zipolowe za mtengo wa ufa mu 1990, kugonjetsedwa ndi Frederick Chiluba pa chisankho cha mu October 1991, malamulo a 1996 amene anamuletsa kuimanso chifukwa makolo ake anachokera kuno ku Malawi, mpaka kumangidwa pa tsiku la Khirisimasi mu 1997. Pamene anamwalira mu June 2021, mawailesi a kanema a ku Zambia sanasowe choonetsa, ndipo iye mwini anali atakhala pansi ndi atolankhani kambirimbiri pa zaka makumi atatu zimene anakhala atachoka pampando. Mwana wa ku Chipata akhoza kumuona Kaunda ali mnyamata, ali pachimake, atagwa, ndiponso atakalamba akuvina.

Nawonso a Zambia ali ndi nthenda imene tili nayo ife. Chisankho cha 2011 chikuyandikira, wailesi ya kanema ya boma inkaulutsa mapulogalamu otchedwa a mbiri koma cholinga chake chili chonyoza Michael Sata, amene panthawiyo anali wotsutsa. Ife amene tinamvera Makiyolobasi m'nthawi ya Bingu sitingawaseke.

Tsono kwathu kuno. Kamuzu sanalole wailesi ya kanema m'zaka zake zonse makumi atatu. TVM inadzatsegulidwa mu 1999, m'nthawi ya Bakili Muluzi, Kamuzu atamwalira kale mu November 1997. Wathu anali mtsogoleri wa m'makutu. Tinkamumva pa MBC akulankhula Chingerezi, womasulira akutsatira pambuyo, ndipo amene anamuona ndi maso anamuona akudutsa pa msewu wotsekedwa kuchokera ku Sanjika, kapena akuyendera mbewu m'minda. Boma linali ndi nthambi yake yojambula makanema, ndiye zithunzi zilipo, koma pafupifupi zonse ndi za mtundu umodzi: Ngwazi ikutsika ndege, Ngwazi ikudula riboni, mbumba ikuvina. Lamulo la 1968 loyang'anira zoonetsa ndi zowerenga linkaonetsetsa kuti wina asajambule kapena kuonetsa zosiyana ndi zimenezo, ndipo atolankhani akunja ankathamangitsidwa akalemba zosakomera boma.

Taganizani zinthu zimene zinachitika kwathu konkuno. Mu May 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga anagwidwa, n'kukaphedwa ku Mwanza, anthu n'kuuzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. Mu September 1986 Samora, Kaunda ndi Robert Mugabe anabwera kuno ku Blantyre kudzakumana ndi Kamuzu pa nkhani yoti Renamo, gulu limene linkamenyana ndi boma la Samora, inkadutsira m'dziko lathu. Patangotha mwezi umodzi, pa 19 October, Samora anafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini, m'dziko la South Africa, akuchokera ku msonkhano ku Zambia. A ku Mozambique nkhani imeneyi aibwereza m'makanema kangapo konse, ndipo dzina la Malawi limatchulidwamo, osati mokoma. Mbali yathu ndani anaijambula? Ndani anafunsa anthu a ku Nsanje, Mwanza, Dedza ndi Ntcheu amene anagawana minda ndi madzi ndi anthu othawa nkhondo oposa miliyoni imodzi? Mbiri imeneyo ikanatiyeretsa pena, kutichititsa manyazi pena, koma ikanakhala yathu.

Kalata ya maepiskopi ya pa 8 March 1992, kumangidwa kwa Chakufwa Chihana mwezi wotsatira, sitalaka ya ogwira ntchito mu May imene inagwedeza Blantyre ndi Limbe anthu n'kuwomberedwa, riferendamu ya pa 14 June 1993 ya nyali ndi tambala wakuda, asilikali akulanda zida za apayoniya mu December chaka chomwecho, ndi Kamuzu akuvomera pa wailesi kuti wagonja mu May 1994: nkhani iliyonse pamenepa ndi kanema payokha. Zipangizo zake zilipo ndithu. Umboni unaperekedwa ku komiti yofufuza za ku Mwanza ndi pa mlandu wa mu 1995, umene Kamuzu ndi anzake anapezeka osalakwa. Anthu zikwizikwi anakanena masautso awo ku bwalo loona za chipukuta misozi. Ku Zomba kuli nyumba yosungira zolemba zakale za dziko, ndipo Mikuyu ikadalipo. Chimene chikusowa ndi munthu wokhala pansi zaka ziwiri kapena zitatu, kulumikiza zonsezi, osadikira kuti chipani chimulipire.

Chimene timalandira m'malo mwake n'cha pa 14 May chaka ndi chaka: misewu, University of Malawi, kusamutsa likulu kupita ku Lilongwe mu 1975, Kamuzu Academy, chimanga chodzaza nkhokwe. Zonsezi zinachitikadi ndipo ziyenera kunenedwa. Kwinaku pa Facebook ena amangodziwa za ng'ona ndi za Orton Chirwa kufera m'ndende ya Zomba mu 1992. Zimenezonso ziyenera kunenedwa. Koma mbali ziwirizi sizikumana pa nsalu imodzi, pomwe mwa azakhali anga zinakumana kalekale, ndipo mwa anthu ambiri a msinkhu wawo zili choncho.

Wina anganene kuti zakale zinapita, lero aliyense ali ndi kamera m'thumba. N'zoona. Ziwonetsero za pa 20 July 2011, masiku aja a mu April 2012 pamene imfa ya Bingu inabisidwa, ndi chigamulo cha pa 3 February 2020 chothetsa chisankho cha pulezidenti, zonsezi zinajambulidwa kwambiri. Koma zili mbalambanda m'mafoni otayika ndi m'masamba a pa intaneti amene eni ake anaiwala kale mawu otsegulira. Ku Zimbabwe, m'nthawi ya Mugabe yeniyeniyo, wojambula wa ku Denmark Camilla Nielsson anatsatira kwa zaka zingapo anthu awiri a zipani zotsutsana amene ankatsogolera ntchito yolemba malamulo atsopano a dziko. Boma linaletsa kanemayo, khoti n'kudzamumasula mu 2018. Ngati kumeneko zinatheka, kuno kumene oweruza athu anatamandidwa dziko lonse lapansi chikutiletsa n'chiyani? Ojambula tili nawo, ndipo ena mwa iwo ntchito zawo zinapambana mphoto kunja. Ndalama zimapita ku makanema a mabungwe ndi a maukwati, poti kumeneko n'kumene kuli wolipira, ndipo sindingawadzudzule. Koma amene anavina mu 1975 lero ali ndi zaka za m'ma 70, ndipo womasulira, woyendetsa lole, mlonda wa kundende ndi wapolisi wa pa msewu wa ku Mwanza sadzatidikira.

Lamulungu masana ndinabwereranso ku Chilomoni, foni itadzaza moto, ndi kamtengo koimikirapo kamene ndinabwereka kwa mnzanga. Ndinati, "Azakhali, ndikufuna munenenso zija munandiuza dzulo, koma lero ndijambule." Anandiyang'ana kanthawi, n'kufunsa ngati sadzamangidwa nazo. Nditawatsimikizira, analowa kuchipinda. Ndinamva sutikesi ikukokedwa pansi pa bedi. Anatuluka ndi chitenje chija chitapindidwa bwinobwino, chofwifwa m'mapindiro, nkhope ya Kamuzu ili pakati. Sanachivale. Anachiyala pamiyendo, n'kukhala pampando moyang'ana foni.

"Ndiyambire pati, pa gule kapena pa moto uja?"