Anyamata a m'magalaji, lekani kuzula waya wa batire injini ikulira

Ndikulankhula ndi inu ana anga amene mwatsegula timagalaji pansi pa mitengo ku Ulongwe, ku Zóbuè mpaka ku Moatize. Pali khalidwe lina limene likundiwawa mtima. Munthu wabwera ndi Hilux yake yakale kuti siikutchaja, inu mwaliza injini, mwazula waya wa pa batire, mumvekere, "Ikapanda kuzima ndiye kuti alternator ili bwino." Anakuphunzitsani ndani zimenezi?

Batire ija ntchito yake si kusunga moto kokha. Magetsi akalumpha, imawameza ndi iyoyo. Mukaichotsa injini ili mkati mozungulira, mphamvu imakwera mwadzidzidzi, ndipo zoyamba kupsa ndi regulator, kachipangizo koletsa moto kuti usapyole muyezo, ndi ma diode, tizipangizo towongola magetsi m'kati mwa alternator, makina aja amatchaja batire. Ikakhala galimoto ya kompyuta, nayonso kompyutayo ikhoza kupita. Mwapha nokha chinthu chimene mumati mukuyeza, kenako mukumutuma bambo wa eni kuti akagule china ndi ndalama za mbatata zimene walima chaka chonse ku Tsangano. Manyazi mulibe kodi?

Gulani mita yoyezera magetsi, mtengo wake sufika n'komwe pa wa batire. Injini ili chizimire, batire yodzaza imaonetsa pafupifupi 12.6 volts. Mukaliza, singano kapena manambala azisewera pakati pa 13.8 ndi 14.5. Zikadutsa 15, regulator yasiya kuletsa moto, ndipo batire ikuphikidwa. Igwireni m'mbali mumva kutentha, madzi ake akuwira n'kumaphwa, fungo likutuluka la mazira ovunda, mababu akungopsa limodzilimodzi. Tsono muganize galimoto yotero ili mumzinda wa Tete mwezi wa November, dzuwa lapitirira madigiri 40. Mpweya wotuluka m'batire yowira umayaka, koma mupeza mnyamata waweramira pomwepo ndudu ili pakamwa. Batire ikaphulika asidi amathamangira kumaso, mwana wanga, ndipo maso sagulitsa pa msika.

Mita ikaonetsa pansi pa 13, musathamangire kunamizira regulator. Yambani mwaona lamba ngati wakhwepa, mitu ya batire ngati yachita ufa woyera, waya wa earth ngati wadyedwa ndi dzimbiri. Tsegulani alternator muone mabulashi, timakala tiwiri tija timatha ndithu. Pa magalimoto ena akale, kababu ka batire ka pa dashibodi kakapsa, alternator imavuta kuyamba kutchaja. Ambiri agula regulator yatsopano vuto lili kababu.

Mwatsimikiza kuti yafa ndi regulator? Zimitsani injini, muchotse waya wa negative pa batire poyamba musanakhudze china chilichonse. Nati yaikulu ya kumbuyo kwa alternator imakhala ndi moto wa batire nthawi zonse, ngakhale makiyi ali m'thumba. Sipanala ikangokhudza natiyo ndi chitsulo cha injini, moto umathetheka, mawaya n'kusungunuka. Mphete ndi wotchi vulani.

Pogula, nyamulani yakaleyo mukafanizire. Ya 24 volts ya lole si ya 12 volts ya Corolla, ngakhale zitaoneka zofanana. Ma Toyota akalekale regulator yake ndi kabokosi kapadera komangidwa m'mbali mwa injini, pamene apambuyo pake ili m'kati mwa alternator momwemo. Pulagi ikakana kulowa, ndiye kuti mwagula yolakwika, bwezani. Zoduladula mawaya n'kumalumikiza mwa kungoganiza, kenako n'kukulunga ndi pulasitiki wa shuga, zimenezo ndiye zimayatsa magalimoto pamsewu. Pobwezera, kankhirani mabulashi m'kati mofatsa, musawakakamize, amathyoka msanga.

Nanunso eni magalimoto, musamangosiya makiyi n'kupita kokamwa tiyi. Imani pomwepo. Mukaona dzanja likupita pa mutu wa batire injini ikulira, ligwireni. Akamaliza ntchito, muuzeni ayatse nyali zonse ndi fani, aponde mafuta pang'ono, aike mita pa batire muwerenge ndi maso anu. Msewu wotsika ku Angónia kupita ku Tete usiku, mutanyamula anthu kumbuyo, si malo oti nyali zikuzimireni. Mukaona mita ikusewera cha pa 14, apo ndiye mutulutse meticais zanu mulipire.