Zida zilipo kale, koma ophunzira sakuzidziwa

A mlembi, mwanena zoona kuti mayunivesite athu akufunika zida zamakono, koma mwatsindika kwambiri zogula makompyuta atsopano. Nanga zomwe zilipo kale? Kudzera mu ndondomeko ya pa intaneti yotchedwa Research4Life, mayunivesite a kuno kwathu angathe kuwerenga magazini a kafukufuku ambirimbiri osalipira, m'magawo ake monga HINARI ya zaumoyo ndi AGORA ya zaulimi. Koma tafunsani wophunzira wa chaka chachinayi ngati anailowapo. Ena sadziwa n'komwe kuti pasiwedi yake imapezeka kulaibulale, ndiye amangotola zilizonse pa Google n'kupereka.

Pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa Zotero ndi yaulere, imasanja yokha mndandanda wa mabuku amene munthu wagwiritsa ntchito, koma anzathu akuchezerabe usiku wonse kutaipa limodzilimodzi, mawa lake supavaiza n'kubweza kuti kasanjidwe kalakwika.

Za Moodle, pulogalamu yophunzitsira pa intaneti, ndiye musachite kunena. Sukulu zitatsekedwa mu 2020 chifukwa cha Covid-19, aphunzitsi ambiri anathawira ku WhatsApp m'malo mwa Moodle, poti bandulo yake ndi yotchipa ndipo imagwirabe netiweki ikamavuta kumudzi. Ophunzira aphunzitsidwe za Research4Life, Zotero ndi Moodle akangofika chaka choyamba, ndipo a MAREN, bungwe lolumikiza mayunivesite ku intaneti, athandize kuti Wi-Fi ifike mpaka kumahositelo.