Kabokosi kanga kakale sindikaswa

Mnzanga wina amene timasunga naye ndalama zakale zachitsulo wandiumiriza sabata yonse kuti ndiswe kabokosi ka pulasitiki momwe muli dola yanga yasiliva ya ku America yotchedwa Morgan, ya 1881-S (S akuimira San Francisco kumene inasulidwa), ndiitumize akaiyezenso. Akuti giredi yake, nambala yosonyeza mmene ndalama yasungikira bwino, ikhoza kuchoka pa MS64 n'kufika pa MS65, mtengo n'kukwera. Ndakana. Ndipo poti ena mumatiseka ife okonda mapulasitiki akale ngati mutu sukuyenda bwino, imvani mbali yanga.

Kabokosika ndi koyambirira ka PCGS, kampani yoyeza ndalama n'kuzipatsa giredi, kaja amakatcha rattler, kamene ankapanga kuyambira 1986 mpaka 1989. Ukakagwedeza pafupi ndi khutu ndalama imalira m'katimo, chifukwa sinagwidwe zolimba. N'kakang'ono kuposa a masiku ano, kapepala kake n'kobiriwira mozilala, malemba ake ndi a timadontho ngati a lisiti yakale. Kukongola kulibe, koma kali ndi mbiri.

Manambala timakanganiranawa anayamba ndi William Sheldon mu 1949, katswiri wa maganizo yemwe uja anagawanso matupi a anthu m'magulu atatu. Iye anakonza muyezo wa 1 mpaka 70 wa masenti akuluakulu akopa a ku America okha, poganiza kuti senti ya pa 70 izigulidwa kuwirikiza ka 70 mtengo wa yofufutika ya pa 1. Mitengo inathawa masamu akewo kalekale, manambala n'kutsala, ndipo lero akuyezera ngakhale siliva ndi golide zimene mwiniwakeyo sanazikonzere.

Mu 1972 bungwe la American Numismatic Association linatsegula ANACS kuti lizisiyanitsa ndalama zenizeni ndi zachinyengo, kenako mu 1979 linayamba kupereka magiredi pa satifiketi yokhala ndi chithunzi. Vuto linali loti pepala kwake, ndalama kwake, ndiye ndalama inkatha kukandika kapena kusinthidwa pepala lili lomwelo. Pamene David Hall ndi amalonda anzake anayambitsa PCGS ku California mu 1986, anamata ndalama ndi giredi yake pamodzi, kuti wogula athe kulipira asanaione n'komwe. Kampani ina yoyeza ndalama, NGC, inatsatira mu 1987 ku New Jersey ndi mabokosi akuda amene sanakhalitse, moti lero nthawi zambiri bokosi lakudalo limaposa mtengo wa ndalama ili m'katimo.

Nachi chomwe ndikukanira. Giredi si sikelo ya pagolosale. Ndi diso la munthu pa tsiku limenelo, ndipo amene anagulitsapo fodya ku okushoni akudziwa kuti belo lomwelo likhoza kuonedwa pawiri ndi anthu awiri. Osunga ndalama ambiri amakhulupirira kuti oyeza a m'ma 1980 anali ouma dzanja kuposa a lero, n'chifukwa chake ma rattler osawerengeka aphwanyidwa ndi anthu osaka nambala imodzi yowonjezera. Aliyense akaswa, umboni wa mmene ankaonera MS64 nthawi imeneyo umatha, ndipo palibe adzapange kena. Ine ndikaika dola yangayi pambali pa MS64 ya chaka chatha, ndimadzionera ndekha kusiyana kwa maso a mibadwo iwiri. Ndikaswa ndidzayerekeza ndi chiyani?

Ndisanamize anthu: sikuti kabokosi kakale kalikonse muli chuma chobisika. Zabwino zambiri akamuna anasankhamo kale, zina zinatsala chifukwa panalibe pokwera. Ma rattler achinyengo nawonso alipo, ndipo ndi amene anachititsa PCGS kusintha kapangidwe n'kuika hologram, kachizindikiro konyezimira kovuta kukopera, cha mu 1989. Ndiye amene amati gula ndalama osati pulasitiki sakulakwa. Koma akuiwala kuti patha zaka pafupifupi 40, pulasitikiyo nayo yasanduka chinthu chakale.

Mnzangayo ndamuuza kuti ngati akufunadi 1881-S ya MS65, zili mbwee pamsika, chifukwa chaka chimenecho ku San Francisco anazisula bwino ndipo zambiri zinakhala m'matumba osagwiritsidwa ntchito. Akagule yake. Yanga ndaibwezera m'dirowa, ndipo potseka ndinaimva ikulira.